Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zaumoyo: odwala BP nawonso ndi anthu anu

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo,

Imvenso: Mlembi Wamkulu mu Unduna wa Zaumoyo, aphungu a Komiti ya Zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo, akuluakulu a Central Medical Stores Trust, a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndi makhonsolo onse.

Olemekezeka,

Landirani moni wanga waulemu. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi onse amene mumagwira nawo ntchito ku Capital Hill. Ine ndine namwino wopuma pa ntchito, ndipo masiku ano ndimayenda ndi amayi a kutchalitchi kwathu kukaona odwala m'makomo. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi ndi ya mabanja ambiri. Ndi makomo ochepa amene mulibe munthu womwa mankhwala a BP (kuthamanga kwa magazi), kapena amene anawasiyira panjira, kapena amene wagona pamphasa mbali imodzi itafa.

Mfundo yanga ndi imodzi. Dziko lino limadziwa kusamalira munthu wodwala matenda a moyo wonse. Tinaphunzirira pa HIV. Pamene ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, sitinadikire kuti madokotala achuluke. Tinaphunzitsa anamwino ndi ma medical assistant, tinawapatsa ndondomeko yaifupi yoti azitsatira, ndipo wodwala aliyense tinamupatsa khadi ndi nambala yake. Munthu akakhazikika amalandira mankhwala a miyezi itatu, ena a miyezi 6. Akajomba, wina amamuimbira foni kapena kumulondola mpaka kumudzi. Mu 2011 tinayamba ndife kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo, mayiko ena n'kudzatengera kwa ife.

Tsono taonani gogo wa BP amene amabwera pachipatala chomwecho. Alibe kaundula womudziwa, kupatula kabuku kake ka kuchipatala kong'ambika. Akasowa miyezi itatu palibe amene amazindikira. Timadzamuonanso atabwera atanyamulidwa, pakamwa patapotoka.

Vutoli si laling'ono, ndipo Unduna wanu unalidziwa kale. Kafukufuku wa STEPS amene munachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wa bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU ku Karonga ndi ku Lilongwe anaonetsanso kuti matendawa ali kumudzi monga ali m'tauni, ndipo mwa odwalawo ndi ochepa amene BP yawo inali itatsika kufika poyenera. Ija nkhani yoti awa ndi matenda a mabwana a mimba zikuluzikulu inatha kale.

Ndiyambe ndi chinthu chotsika mtengo kuposa zonse: makina oyezera BP. M'zipatala zambiri zazing'ono makinawa amakhala amodzi, ndipo amakhala ku mateniti, zimene zili zoyenera chifukwa kumeneko moyo wa mayi umatha kutayika m'maola ochepa. Koma zikatero ku OPD kumakhala kopanda. Kwina makina alipo koma mabatire anatha, ndipo namwino amagula ndi ndalama za m'thumba mwake, akatopa n'kusiya. Kwina lamba wokulunga pamkono ndi wa saizi imodzi, chonsecho lamba wamng'ono pamkono waukulu amakweza manambala. Kuyeza koyenera kumafuna kuti munthu akhale pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mkono utagona molingana ndi mtima, asakulankhula. Ndipo 140/90 ya tsiku limodzi sikwanira kumuuza munthu kuti azimwa mankhwala moyo wake wonse, pokhapokha itakwera moopsa. Amayenera kuyezedwanso tsiku lina. Nanga pamzere wofika mpaka panja, munthu wangotsika kumene pa kabaza thukuta lili kamukamu, mphindi zisanuzo zichokera kuti? Mapeto ake ena akumwa mankhwala amene sakuwafunikira, pamene ena owafunikira akubwerera kwawo ndi panado.

Chachiwiri ndi mankhwala. Hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril si mankhwala achilendo kapena odula. Ali m'ndondomeko zanu zomwe za kaperekedwe ka mankhwala m'dziko muno. Komabe mawu amene wodwala BP amawadziwa pamtima ndi awa: “Atha, mukagule ku famase.” Kumudzi famase ili kuti? Ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mankhwala inakwera kusiya matumba a anthu kumbuyo. Ndiye mwezi uno wodwala walandira amlodipine, mwezi wamawa apatsidwa propranolol chifukwa ndi amene ali pashelefu, mwezi winawo palibe kalikonse. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'wodi akudziwa kuti kusiya mwadzidzidzi mankhwala a mtundu wa propranolol kapena atenolol kumatha kukweza BP ndi kuthamangitsa mtima kuposa poyamba. Kusinthasintha kotereku kumaphunzitsanso wodwala chinthu choipa: kuti mankhwalawa ndi omwa akapezeka. M'makomo timapeza anthu akudula piritsi pakati kuti lifike kumapeto kwa mwezi, ena akumwa pokhapokha mutu ukawawa. Sitingawadzudzule. BP siimva kuwawa masiku ambiri, ndipo munthu amene sakumva kuwawa sangawononge ndalama ya chigayo pa ulendo wa kuchipatala kumene mwezi watha anabwerako chimanjamanja.

M'madera amene chipatala chapafupi ndi cha mishoni, vuto limawirikiza. Zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, zimathandiza anthu ambiri akumidzi, koma zimalipiritsa, ndipo mapangano amene boma limachita nazo kuti anthu athandizidwe mwaulere amakhudza kwambiri amayi oyembekezera ndi ana. Mwamuna wa zaka 60 wa BP amalipira mwezi ndi mwezi mpaka tsiku limene alephere.

Chachitatu, chimene chili pamtima panga, ndi namwino mwiniwake. Chisamaliro cha BP mbali yake yaikulu ndi kukhala pansi n'kukambirana. Namwino ayenera kufunsa: mankhwala mukumwa bwanji, onetsani amene atsala. Akufowoketsani? Mapazi akutupa? Mukutsokomola chifuwa chouma chiyambireni enalapril? Abambo ambiri amasiya mankhwala mwakachetechete chifukwa akuona kuti mphamvu za m'banja zachepa, ndipo sanganene zimenezi pamaso pa mzere wonse. Ayenera kufotokoza za mchere m'chilankhulo cha kukhitchini: kuti WHO imati munthu asapyole magalamu asanu patsiku, omwe ndi ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera wa m'ndiwo, wa mu nsomba zoumitsa ndi mchere, wa m'timakyubu tokometsera ndiwo, ngakhalenso soda wa m'therere. Ayenera kunena za fodya ndi kachasu mosamuchititsa munthu manyazi. Zonsezi zimafuna nthawi. Namwino amene ali yekha pachipatala, yemweyo akubereketsa, yemweyo akubaya jakisoni, yemweyo akulemba malipoti a mwezi, sangazichite. Sindikukana kuti pakati pathu alipo ena a pakamwa polasa, ndipo a Nurses and Midwives Council azichita nawo monga mwa malamulo. Koma ndinaona atsikana ofatsa akusanduka aukali m'zaka zochepa chifukwa chogwira usiku ndi usana popanda wowalandira, ndalama za lokamu (za maola owonjezera) zikuchedwa miyezi.

Chodabwitsa n'chakuti anamwino tili nawo. KUHeS, Mzuzu University, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a mishoni monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo ndi Mulanje akutulutsa anamwino chaka ndi chaka. Ambiri ali pakhomo ndi masatifiketi awo, akugulitsa kaunjika, ena akusakasaka njira zopitira kunja. Makolo anagulitsa mbuzi, boma ndi abwenzi ake analipira maphunziro, kenako wodi n'kukhala ndi namwino mmodzi usiku wonse.

Ndifike ku wodi kumeneko, chifukwa n'kumene mtengo wa kunyalanyaza konseku umalipiridwa. Munthu wagwidwa ndi sitiroko. Madzi akatayika saoleka, koma zimene zimachitika m'masiku oyamba ndi zimene zimagamula ngati adzayendenso kapena ayi, ngakhalenso ngati atuluke wamoyo. Ambiri amene timawataya m'masabata otsatira satengedwa ndi sitirokoyo payokha. Amatengedwa ndi chibayo, zilonda za pogona ndi matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo zonsezi ndi nkhani za unamwino.

Munthu wa sitiroko nthawi zambiri amavutika kumeza. Asanapatsidwe chilichonse cha pakamwa, namwino ayenera kumukhazika tsonga n'kumuyesa ndi kasupuni ka madzi, kuona ngati akutsamwa, akutsokomola kapena mawu ake asintha. Akalephera, ayikidwe kapaipi ka pamphuno. Kuyesaku sikufuna makina alionse. Koma namwino akakhala kuti ali mbali ina ya wodi ndi odwala ena ambirimbiri, ena ogona pansi, amene amatsala pambali pa bedi ndi gadiyani. Mayi wachikondi, poona kuti mwamuna wake sanadye chichokereni kumudzi, amamuthira phala m'kamwa ali chigonere. Phalalo limalowera m'mapapo. Pakapita masiku awiri thupi latentha, kupuma kwavuta. Mayiyo sanalakwe kanthu; palibe amene anamuuza.

N'chimodzimodzi kutembenuza wodwala. Amayenera kutembenuzidwa pa maola awiri alionse, khungu likhale louma, zidendene ndi m'chiuno zitetezedwe ndi mapilo kapena nsalu zopinda. Mkono wakufawo asamukokere pomudzutsa, chifukwa phewa limaguluka n'kumamuwawa zaka. Tivomereze poyera kuti m'zipatala zathu ntchito yosambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza odwala ili m'manja mwa magadiyani, amene amagona pansi pa bedi ndi kuphika ku shelita. Ngati ndi choncho, bwanji sitiwaphunzitsa? Theka la ola patsiku loyamba, ndi pepala la zithunzi m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, zingapulumutse anthu ambiri.

Palinso zizolowezi zakale zimene zikufunika maphunziro obwereza. Kufinyira mankhwala a nifedipine pansi pa lilime kuti BP igwe msanga kunaletsedwa kale ndi akatswiri, chifukwa kugwetsa BP mwadzidzidzi kungaphe mbali ina ya ubongo imene ikanapulumuka. Komanso sitiroko ilipo ya mitundu iwiri, ya mtsempha wotsekeka ndi ya mtsempha wophulika, ndipo asipirini amene amathandiza pa yoyambayo angawonjezere kukha magazi pa yachiwiriyo. Chosiyanitsa ndi sikani ya mutu, imene wodwala wa kuboma amayenera kuitsatira ku chipatala chachikulu, ngati ambulansi ili ndi mafuta.

Akatuluka m'chipatala, nkhani imathera pomwepo. Kachere ku Blantyre ikugwira ntchito yabwino yophunzitsa anthu kuyendanso, koma mabedi ake sangakwanire dziko lonse. Ambiri amabwerera kumudzi opanda wowaonetsa mafizo, miyendo n'kukhwinyata, ndipo BP imene inayambitsa zonse siyezedwanso mpaka sitiroko yachiwiri. Pamene chipatala sichinafotokoze, mudzi umadzifotokozera wokha: amati wamenyedwa ndi hamala ya afiti. Chala chimaloza agogo ena osauka a pafupi, ndipo mukudziwa, Olemekezeka, zimene zimachitikira okalamba m'dziko muno akangotchulidwa ufiti. Namwino atakhala ndi mphindi khumi zouza banja kuti mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika chifukwa cha BP, amateteza anthu awiri.

Mitsempha siili mu ubongo mokha. Pali wodwala amene amati katumba amamuwawa akayenda kamtunda, akaima n'kusiya, phazi limazizira, kachilonda ka pachala sikapola. Ameneyu mitsempha ya m'miyendo ikutsekeka, makamaka ngati alinso ndi shuga kapena amasuta. Namwino angazindikire ndi zala zake zokha, pomuvula nsapato n'kumva ngati magazi akugunda paphazi. Koma ndi kiliniki zingati zimene wodwala amavulidwa nsapato? Timadzaona phazilo litada kale, dokotala akukamba zodula mwendo. Impso nazo zimawonongeka mwakachetechete. Kapepala koviika mu mkodzo kangachenjeze msanga, ndipo aliyense womwa enalapril amayenera kuyezedwa magazi kuona mmene impso zikugwirira ntchito, koma zipangizo zimenezi zimasowa kawirikawiri. Pamene zafika poipa, makina otsuka magazi a ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth ali ndi mzere wawo wautali, ndipo kutsuka magazi a munthu mmodzi kumadya ndalama zimene zikanagulira anthu ambirimbiri mapiritsi a BP. Pamwamba pa izi, bulufeni ndi indosidi, amene amakweza BP ndi kupweteka impso, akugulitsidwa m'maokala ngati maswiti kwa okalamba a nyamakazi, ndipo m'mabasi ndi pa wailesi muli ogulitsa zitsamba olonjeza kuti BP ithera m'botolo limodzi. A PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, akuzimva zimenezi monga tikuzimvera ife.

Gulu lina loiwalika ndi la amayi amene BP inakwera ali oyembekezera. Ku sikelo timawayeza mokhulupirika, ndipo pobereka timawateteza ndi magnesium sulphate. Akangotuluka ndi mwana, maso onse amapita pa mwanayo. Chonsecho mayi wotereyu ali pachiopsezo m'masabata oyamba atachira, ndiponso ali ndi mpata waukulu wodzadwala BP ndi sitiroko m'tsogolo.

Sindikupempha zinthu zimene sizinachitikepo kuno. Ku Neno, kuyambira mu 2015, Unduna wanu pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo unaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya BP, shuga, mphumu ndi khunyu: tsiku limodzi, mzere umodzi, kaundula mmodzi, azaumoyo a m'mudzi omwewo olondola ojomba. Boma la Neno lomwelo linali mwa malo oyamba kuyesa njira ya PEN-Plus, yophunzitsa anamwino ndi ma clinical officer kusamalira matenda ovuta a mtima ndi shuga pachipatala cha boma, njira imene nduna za zaumoyo za mu Africa zinaivomereza ku Lomé mu Ogasiti 2022. WHO nayo, m'malangizo ake a 2021, inanena momveka kuti anamwino ophunzitsidwa angathe kupereka mankhwala a BP potsatira ndondomeko. Ndondomeko yanu ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 ikukamba za kuphatikiza chithandizo. Mapepala alipo okwanira. Ngati zinatheka ku Neno, kumene msewu wake timaudziwa tonse, chikuletsa n'chiyani ku Ntchisi, ku Chitipa kapena ku Nsanje? Ndipo zimene zinachitika mu Januwale 2025, pamene dziko la America linaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, zinatikumbutsa kuti ntchito yodalira abwenzi okha imatha kuima tsiku limodzi. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti pa zaumoyo. Zaka zambiri ife sitifikapo.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Chipatala chilichonse, kuyambira chaching'ono, chikhale ndi makina oyezera BP ogwira ntchito ku OPD, ku kiliniki ya ma ARV ndi ku mateniti payokhapayokha, okhala ndi malamba a masaizi osiyana. Mabatire akhale ndi mzere wawo mu bajeti ya khonsolo. Wamkulu aliyense wobwera kuchipatala ayezedwe, kaya wabwera ndi malungo kaya ndi dzino.

2. Hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril akhale pa mndandanda wa mankhwala osaloledwa kutha, ndipo a Central Medical Stores Trust pamodzi ndi makhonsolo azilengeza miyezi itatu iliyonse kuti boma lililonse linakhala masiku angati lopanda mankhwalawa.

3. Wodwala amene BP yake yakhazikika azilandira mankhwala a miyezi itatu. Amene akumwanso ma ARV alandire zonse tsiku limodzi.

4. Unduna ndi a Nurses and Midwives Council atulutse ndondomeko ya tsamba limodzi yolola namwino wophunzitsidwa kuyambitsa mankhwala a BP, kuwonjezera mlingo, ndi kudziwa nthawi yotumiza wodwala kwa dokotala. Ipachikidwe pakhoma m'chipinda chilichonse choonera odwala. Wodwala aliyense akhale ndi khadi, ndipo alangizi a zaumoyo a m'midzi apatsidwe mayina a ojomba monga amachitira ndi a TB.

5. Lembani ntchito anamwino amene ali pakhomo, ndipo chipatala cha boma chilichonse chikhale ndi anamwino okhazikika ku kiliniki ya matenda osapatsirana, osati osinthidwa mwezi uliwonse atangoyamba kudziwana ndi odwala awo. Ndalama za lokamu zizilipidwa pa nthawi yake.

6. Wodwala sitiroko aliyense ayesedwe kumeza asanadye kapena kumwa kanthu, ndipo zilembedwe m'faelo. Gadiyani wake aphunzitsidwe tsiku lomwelo kadyetsedwe, katembenuzidwe ndi mafizo oyambirira. Potuluka apatsidwe tsiku lobwerera, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa kwawo adziwitsidwe.

7. Kamodzi pachaka, wodwala BP kapena shuga ayang'anidwe mapazi ndi kuyezedwa mkodzo ndi impso. Mayi amene BP inakwera ali woyembekezera aziyezedwa nthawi iliyonse akabwera ndi mwana ku sikelo.

8. Mapangano a boma ndi zipatala za CHAM aphatikize mankhwala a BP ndi shuga, makamaka kumene kulibe chipatala cha boma pafupi. A PMRA aletse malonda onama a mankhwala ochiziratu BP.

Kwa aphungu amene mwalandira kalatayi: pokambirana bajeti, funsani kuti ndi ndalama zingati mwa za zaumoyo zimene zapita ku matenda osapatsirana, ndipo mukapita kudera kwanu lowani pachipatala chaching'ono mosalengeza, mupemphe kuyezedwa BP. Kwa inu abale amene mukuwerenga, itumizeni kwa phungu wanu, kwa khansala ndi ku komiti ya chipatala chanu.

Olemekezeka, pa 17 Meyi chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira matenda a BP, ndipo nthawi zambiri timaona matisheti, gulu la apolisi oimba ndi zolankhula. Ndikupempha kuti pa 17 Meyi ikubwerayi mudzatiuze poyera manambala atatu: zipatala zingati zili ndi makina ogwira ntchito ku OPD, odwala BP angati ali m'kaundula, ndi anamwino angati amene mwawalemba ntchito.

Ndine wanu mwaulemu,

Namwino wopuma pa ntchito,
m'malo mwa amayi oyendera odwala m'makomo